Mliri Unatha, Koma Foni Sitinaitule

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matenda a Covid-19 sakuwerengedwanso ngati ngozi yadzidzidzi yokhudza dziko lonse lapansi. Pofika nthawi imeneyo ambiri a ife kuno ku Britain tinali titavula kale mamasiki, matchalitchi ndi mizikiti zinali zitatsegulidwa, ndipo amene anali ndi kangachepe m'thumba anali atapita kale kumudzi kukaona manda a abale awo. Koma pali chizolowezi china chimene mliriwo unatisiyira, chomwe mpaka lero sichinachoke m'nyumba zathu zambiri: kugona ndi foni pamtsamiro, kudzidzimuka ikangolira, ndi kuyamba tsiku powerenga za amene wamwalira, amene wagonekedwa m'chipatala ndi amene akufunika thandizo la ndalama msangamsanga.

M'nkhani ino tikufuna tikambirane, abale ndi alongo, zimene kukhalitsa pa foni, pa kompyuta ndi pa wailesi yakanema nthawi ya mliri kunachita m'maganizo mwathu ndi mwa ana athu. Sitikufuna kunyoza foni, pakuti tonse tikudziwa kuti inatisunga. Tikufuna tione pamene inatithandiza, pamene inativulaza, ndi zimene tingasinthe tsopano poti kunja kuli bata.

Pamene zitseko zinatsekedwa

Madzulo a pa 23 Malichi 2020 nduna yaikulu ya dziko lino panthawiyo, a Boris Johnson, anayankhula pa wailesi yakanema ndi kulamula kuti aliyense akhale pakhomo. Sukulu zinali zitatsekedwa kale masiku atatu m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo moyo wonse unasamukira pa intaneti. Bungwe la Ofcom, lomwe limayang'anira za mafoni ndi nyumba zoulutsira mawu m'dziko muno, linapeza kuti mu Epulo 2020 munthu wamkulu ankatha maola 4 ndi mphindi 2 pa intaneti tsiku lililonse, pamene mu Sepitembala 2019 ankatha maola osakwana 3 ndi theka. Anthu ogwiritsa ntchito Zoom m'dziko muno anali 659,000 mu Januwale, koma pofika Epulo anali atakwana 13 miliyoni.

Kwa ife okhala kutali ndi kwathu, zimenezi zinali chipulumutso ndithu. Mapemphero a Lamulungu, maphunziro a kwaya, misonkhano ya amayi, ngakhale zinkhoswe zimene, zonse zinkachitikira pa Zoom ndi pa WhatsApp. Agogo ku Dowa ndi ku Mulanje ankaona nkhope za zidzukulu zawo za ku Leicester ndi ku Glasgow. Amene anabwera kuno cha m'ma 2000 akukumbukira makhadi oimbira foni aja amene tinkagula m'timagolosale, omwe mphindi zake zinkatha munthu usanamalize ndi malonje omwe. Amene anakhalapo m'nthawi imeneyo sanganene kuti foni ya lero ndi yoipa. Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Njira imene inkabweretsa mawu a amayi ndi yomweyonso inkabweretsa uthenga wa imfa, usana ndi usiku, popanda woitseka.

Miliri iwiri pa mtima umodzi

Mnzathu wobadwira kuno ankatsatira mliri umodzi. Ife tinkatsatira iwiri. Madzulo tinkamvera ziwerengero za ku Downing Street, kukacha tinkafunafuna za ku Lilongwe.

Ku Malawi odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020 ndi mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Peter Mutharika. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma linkafuna kukhazikitsa mwezi womwewo unaletsedwa ndi bwalo lalikulu la milandu. Ife kuno tinali otsekeredwa m'nyumba kwinaku tikuona pa foni zithunzi za misika yodzadza ndi misonkhano ya ndale ya chisankho cha mu Juni 2020, ndipo mtima unkangoti phaphapha poganizira makolo athu okalamba, makamaka a matenda a shuga ndi othamanga magazi.

Mwezi wa Januwale 2021 ndiwo unali wowawa koposa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma la Malawi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko, analengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka. Masabata omwewo ku England kunali m'bindikiro wachitatu. Pa 20 Januwale kuno kunalengezedwa imfa 1,820 tsiku limodzi, ndipo pa 26 Januwale chiwerengero cha omwalira m'dziko lino chinapitirira 100,000. Mwezi womwewonso dziko la Malawi linaikidwa pa mndandanda wofiira wa maiko amene boma la Britain linkawaopa, ndipo kuyambira pa 15 Febuluwale aliyense wololedwa kulowa kuchokera kumaiko amenewa ankayenera kubindikira masiku 10 mu hotela polipira £1,750. Kwa mabanja ambiri izi zinatanthauza kuti ulendo wa kumaliro panalibe.

Tisaiwalenso kuti ambiri a ife ndi anamwino, osamalira okalamba, oyeretsa m'zipatala ndi oyendetsa mabasi, anthu amene sakanatha kugwirira ntchito pakhomo. Mu Meyi 2020 ofesi ya boma yowerengera anthu ya ONS inalengeza kuti, poyerekeza anthu amisinkhu yofanana, munthu wakuda anali pachiopsezo chomwalira ndi matendawa kanayi kuposa mzungu. Nkhani imeneyi inazungulira m'magulu athu onse a pa WhatsApp, ndipo munthu ankaiwerenga kasanu kapena kakhumi asananyamuke kupita ku shifiti.

Ngakhale kusiyana kwa nthawi kunali ndi gawo lake. M'nyengo yozizira, kumudzi ikamakwana 6 koloko m'mawa kuno imakhala 4 koloko m'bandakucha. Abale akangodzuka ndi kuyamba kutumiza mauthenga, foni kuno imayamba kulira tulo tili pakati.

Uthenga wa maliro unasowa mthenga

Kwathu uthenga wa maliro superekedwa chisawawa. Amfumu amayamba adziwitsidwa. Kwa achibale kumatumidwa munthu wodziwa kuyankhula, amene amafika, kukhala pansi, kulonjerana nanu, kenaka ndi kunena mozungulira kuti odwala aja zinthu zavuta. Munthu sauzidwa ali yekha, ndipo sauzidwa ali chiimire. Zikatero anthu amasonkhana pasiwa, amachezera ndi nyimbo, adzukulu amakumba manda, thupi limatsitsidwa, dothi limaponyedwa, ndipo pakapita masiku anamfedwa amameta ndi kubalalika. Mwambo uliwonse uli ndi poyambira ndi pothera, ndipo pa sitepe iliyonse wofedwa amakhala ndi anthu pambali pake. Makolo athu sanawerenge mabuku a zamaganizo, koma ankadziwa kuti chisoni chimafuna kuperekezedwa.

Nthawi ya mliri zonsezi zinasokonekera. Si mmodzi kapena awiri pakati pathu amene anadziwa za imfa ya mbale wake poona chithunzi chake pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, chili ndi kandulo pambali, pamene iye ali pa basi kapena ali pa nthawi yopuma kuntchito. Mwambo wa maliro tinkauonera pa kagalasi ka foni, mphwathu wina akujambula dzanja likunjenjemera, mawu akudukaduka, mwina bandulo ndi kutha bokosi lisanatsitsidwe. Vidiyo ikatha panalibe wokugwira dzanja, panalibe nsima ya pamaliro, panalibe wokuperekeza. Munthu ankangopezeka ali yekha m'chipinda, wotchi ikumukumbutsa za ntchito.

Choopsa china n'chakuti vidiyo siiwala. Maliro akumudzi amatha, anthu ndi kubwerera kwawo. Maliro a mu foni amakhala momwemo, ndipo usiku tulo tikasowa munthu amawatsegulanso, ndi kulira ngati zachitika lero. Kuonera mwambo pa foni kunali bwino kusiyana ndi kusaona konse, koma tisadzinamize kuti kunakwaniritsa zonse zimene mwambo weniweni umachita mumtima mwa wofedwa.

Zimene ofufuza anapeza

Palibe amene amatsutsa kuti maganizo a anthu anavulala m'zaka zimenezi. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu Okutobala 2021 anayerekeza kuti m'chaka cha 2020 chokha padziko lonse panaonjezekera anthu pafupifupi 53 miliyoni odwala matenda okhumudwa kwambiri ndi ena 76 miliyoni odwala matenda a nkhawa, ndipo okhudzidwa koposa anali amayi ndi achinyamata. Kuno ku Britain, ofesi ya ONS inapeza kuti mu Juni 2020 pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 5 alionse anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mliri usanabwere anali mmodzi mwa 10.

Zoyambitsa zinali zambiri: imfa, kutha kwa ntchito, mantha, kusungulumwa. Nanga foni inali ndi gawo lanji? Kumayambiriro kwa 2020, matendawa atangobuka, ofufuza a ku China anafunsa anthu 4,872. Anthu oposa 80 pa 100 alionse ananena kuti amaona pafupipafupi nkhani za matendawa pa masamba a mchezo a pa intaneti, ndipo amene ankaziona kwambiri ndiwo ankapezeka kawirikawiri ndi nkhawa.

Umboni wina wochititsa chidwi unachokera ku America mliri usanabwere n'komwe. Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga mumzinda wa Boston mu Epulo 2013, akatswiri a pa University of California, Irvine, omwe ndi Alison Holman, Dana Garfin ndi Roxane Cohen Silver, anafunsa anthu zikwi zingapo m'dziko lonselo. Anapeza kuti amene ankatha maola 6 kapena kuposerapo patsiku akuonera nkhani za mabombawo m'sabata yotsatira anali ndi zizindikiro zambiri za kusokonezeka maganizo kuposa amene anakhudzidwa mwachindunji ndi ngoziyo. Taganizani: woonera ali kutali kuvutika kuposa amene analipo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu akaona choopsa, thupi limakonzekera kuthawa kapena kulimbana nacho: mtima umathamanga, mpweya umafupika, tulo timathawa. Amene wakumana ndi njoka panjira amachita mantha kamodzi, njoka ikapita thupi limakhazikika. Koma amene akuonera chithunzi cha wodwala akubanika kakhumi patsiku, thupi lake limadzidzimuka kakhumi. Ndiye poti nkhawa imafuna yankho, munthu amabwereranso pa foni kukafuna nkhani yomukhazika mtima pansi, ndi kukapezanso ina yoopsa kuposa yoyamba. Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, ndipo nkhani za pa wailesi ya MBC zimatha woulutsa ndi kutsazika. Facebook, TikTok ndi YouTube zinapangidwa mwadala kuti zisakhale ndi pothera, chifukwa eni ake amapeza ndalama malinga ndi nthawi imene maso athu akhala pamenepo. M'chaka cha 2020 m'Chingerezi munafala mawu akuti "doomscrolling", onena za khalidwe lomangosuntha chala pa foni kufunafuna nkhani zoipa osatha kuleka.

Komabe tiyenera kusamala pomasulira zimenezi. Kupezeka kwa nkhawa mwa anthu okhalitsa pa foni sikutanthauza kuti nthawi zonse foni ndiyo yayambitsa. Nthawi zina nkhawa ndiyo imayamba, munthu ndi kuthawira pa foni, kenaka ziwirizi zimadyetsana. Ndiponso mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford, ataunika mayankho a achinyamata oposa 350,000, anapeza kuti kuchuluka kwa maola a pa zipangizozi pakokha kumagwirizana pang'ono zedi ndi kusakondwa kwa mwana, pafupifupi mofanana ndi kudya mbatatesi kawirikawiri. Phunziro limene tikutolapo ndi lakuti kuwerenga maola kokha sikokwanira. Mafunso ofunika ndi atatu: ukuchita chiyani pa foniyo, nthawi yanji, ndipo chimene wasiya kuti ukhale pamenepo n'chiyani? Ola limodzi locheza ndi amayi ako ndi kuseka nawo silifanana ndi ola limodzi lowerenga mayina a omwalira pakati pa usiku.

Mphekesera zochokera kwa okondedwa

Mu Febuluwale 2020 mkulu wa WHO, a Tedros Adhanom Ghebreyesus, anachenjeza ku Munich kuti dziko likulimbana ndi miliri iwiri, wa kachilombo ndi wa nkhani zabodza. Sipanatenge nthawi kuti tione zoona zake. Mu Epulo 2020 anthu anatentha nsanja za mafoni ku Birmingham ndi ku Liverpool pokhulupirira bodza lakuti 5G ndiyo imafalitsa matendawa. Mwezi womwewo kampani ya WhatsApp inaika malire akuti uthenga umene watumizidwa kale kambirimbiri uzitumizidwa kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi panthawi imodzi.

M'magulu athu munadutsa zambiri: kuti kufukiza ndi masamba a bulugama kumapha kachilombo, kuti jinja, adyo ndi mandimu n'zokwanira, kuti katemera amatseka mimba, kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Chimene chinkapweteka maganizo n'chakuti mauthengawa sankachokera kwa alendo. Ankachokera kwa azakhali, kwa amalume, kwa akulu a mpingo, anthu amene mwambo wathu sutilola kuwatsutsa pagulu. Namwino amene wachezera usiku wonse ndi odwala obanika ankatsegula foni m'mawa ndi kupeza uthenga wa mkulu wa kubanja wonena kuti matendawa ndi nkhambakamwa chabe. Akayankha, akuti kunja kwamupatsa mwano. Akakhala chete, mtima ukumuwawa poopa kuti wina afa chifukwa cha bodzalo. Mabanja ena anayambana pa nkhani ya katemera, ndipo alipo amene mpaka lero sayankhulana bwino.

Ana ndi ophunzira

Ana athu anakumana ndi zawozawo. Kafukufuku wa NHS Digital ku England anaonetsa kuti mu 2017 mwana mmodzi mwa 9 alionse a zaka 5 mpaka 16 ankaoneka kuti ali ndi vuto la maganizo, koma pofika Julayi 2020 anali mmodzi mwa 6. Ku America ofufuza anapeza kuti mu Meyi 2020 ana a zaka 12 ndi 13 ankatha pafupifupi maola 8 patsiku akuyang'ana pa zipangizozi, osawerengera za kusukulu, pamene kale ankatha maola osakwana 4. Sukulu, masewera, macheza ndi anzawo, zonse zinali pa galasi limodzi, kawirikawiri m'chipinda chomwecho chimene amagona. Makolo ambiri anali ku mashifiti aatali, ndipo foni ndiyo inasanduka mlezi.

Ophunzira a m'mayunivesite, makamaka amene anali atangofika kumene kuchokera kumudzi, anali pa vuto lalikulu. Mu Sepitembala 2020 ophunzira pafupifupi 1,700 a pa Manchester Metropolitan University anauzidwa kuti abindikire m'zipinda zawo kwa masabata awiri, ndipo zoterezi zinachitikanso m'mizinda ina. Wophunzira amene anasiya nyumba yodzadza ndi anthu ku Area 25 kapena ku Ndirande anapezeka m'kachipinda ka bedi limodzi, aphunzitsi ake ndi anzake onse ali timabokosi pa kompyuta. Mu 2021 Jeremy Bailenson wa ku Stanford University anafotokoza zifukwa zinayi zimene misonkhano ya pa vidiyo imatopetsera: nkhope zambiri zimakuyang'ana pafupi nthawi imodzi, umadziona wekha ngati uli pa kalilole tsiku lonse, sutha kusuntha pampando, ndipo ubongo umagwira ntchito yaikulu kuti umve zimene thupi la mnzako likunena pamene ukungoona mutu wake wokha.

Palinso msampha wa kudziyerekeza. Pa Instagram ndi pa Facebook aliyense amaika chithunzi cha tsiku limene zinthu zinali bwino. Wophunzira amene ndalama zamuthera ndipo maphunziro akumuvuta amaona ngati anzake onse zikuwayendera. Iyenso amaika chithunzi akumwetulira mu chipale chofewa, kumudzi ndi kumaganiza kuti mwana wathu walemera, mapempho a ndalama ndi kuchuluka. Ambiri amaopa kunena kunyumba kuti zinthu sizili bwino, poganizira zimene banja linagulitsa kuti iwo akwere ndege.

Kusowa tulo ndi kuganiza kwambiri

Pa zonse zimene foni imatilanda, chachikulu ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse, ndipo ana amafunika oposa pamenepo. Amene amagwira ntchito za usiku tulo tawo timakhala tosokonekera kale. Tikaonjezapo kuwala kwa foni m'maso, uthenga wodetsa nkhawa nthawi yogona ndi kulira kwa magulu khumi a pa WhatsApp, thupi silipeza mpata wopuma. Madokotala amadziwa bwino kuti kusowa tulo kwa nthawi yaitali kumakulitsa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo nkhawayo imathamangitsanso tulo.

Vuto lathu ife n'lakuti sitikonda kutchula zinthuzi ndi dzina. Tikamva za matenda a maganizo timafulumira kuganiza za misala ndi za chipatala cha ku Zomba, ndiye aliyense amati ine ayi. M'malo mwake timati ndikungoganiza kwambiri, mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, BP yakwera. Abambo ambiri sanena kanthu n'komwe. Amangoonjezera mashifiti kapena mowa. Koma nkhawa ndi kukhumudwa ndi matenda ngati ena onse, ndipo ali ndi chithandizo. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu sakugona bwino, sakufuna kudya kapena akudya mopyola muyeso, zinthu zimene ankazikonda sizikumusangalatsanso, akupsa mtima ndi zazing'ono, akudzipatula, kapena akudziona ngati wopanda ntchito, imeneyo si nkhani yongomuuza kuti alimbe mtima. Pemphero ndi dokotala sizilimbana. Amene wathyoka mwendo timamupempherera kwinaku tikupita naye kuchipatala.

Nanga tichitenji?

Choyamba, tibwezeretse ulemu wa uthenga wa maliro. M'magulu athu tigwirizane kuti chithunzi kapena dzina la womwalira lisaikidwe pagulu mpaka achibale apafupi, a kuno ndi a kumudzi, atauzidwa ndi pakamwa. Ngati wofedwa ali mumzinda wathu, awiri kapena atatu apite kunyumba kwake asanamuuze. Ngati mwambo uonetsedwe pa vidiyo, asauonere yekha. Tisonkhane, tiphike, tiimbe, monga momwe tikanachitira pasiwa. Ndipo zithunzi za mitembo, za ngozi zapamsewu ndi za odwala ali pa bedi la m'chipatala zisatumizidwe pagulu.

Chachiwiri, nkhani zikhale ndi nthawi yake. Mu Malichi 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti pofuna kuchepetsa nkhawa anthu azimva nkhani za mliri kamodzi kapena kawiri patsiku, pa nthawi yoikika, kuchokera ku magwero odalirika. Langizo limeneli likugwirabe ntchito pa nkhani za namondwe, za chisankho, za kukwera kwa mitengo ya zinthu kumudzi ndi za kusintha kwa malamulo a ziphaso kuno.

Chachitatu, foni igone kunja kwa chipinda, kapena itsekedwe pakamwa usiku. Mafoni a masiku ano amalola kusankha manambala ochepa, monga a amayi kapena a mwana, amene angalire nthawi iliyonse pamene ena onse ali chete. Magulu a pa WhatsApp angathe kutontholetsedwa popanda kutulukamo ndi kukhumudwitsa anthu. Uthenga wa 4 koloko m'bandakucha ungadikire mpaka 7.

Chachinayi, tisanatumize uthenga kwa ena tidzifunse kuti wachokera kuti, ndipo uthandiza ndani. Safunsa anadya phula. Ngati wotumiza bodza ndi wamkulu, timuimbire payekha mwaulemu m'malo momuchititsa manyazi pagulu.

Chachisanu, kwa makolo: lamulo limene taikira ana litigwirenso ife. N'kovuta kuuza mwana kuti asiye foni pa nthawi ya chakudya pamene bambo akudya nsima ndi dzanja limodzi, lina lili pa Facebook. M'malo mongolanda foni, tifunse mwana zimene amaonera, amene amacheza nawo ndi momwe amamvera akatha kuonera. Ndipo mabanja amene takhazikika kuno tikumbukire ophunzira a mumzinda mwathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumuitana Lamulungu kuti adzadye nsima ya nyemba kungachite zimene mauthenga 100 sangachite.

Pomaliza, tidziwe kumene kuli thandizo. Ku England kulembetsa ndi kuonana ndi dokotala wa GP n'kwaulere, ndipo sikudalira mtundu wa mapepala amene munthu ali nawo. Kulinso chithandizo cha uphungu cha NHS Talking Therapies, chimene munthu wamkulu angadzilembetse yekha popanda kalata ya dokotala. Zinthu zikafika povuta, imbani 111 ndi kusankha gawo la zamaganizo, kapena 999 ngati moyo uli pachiswe. A Samaritans amayankha usana ndi usiku pa nambala yaulere ya 116 123, ndipo ana ndi achinyamata angaimbe ku Childline pa 0800 1111. Mayunivesite nawonso ali ndi maofesi a uphungu a ophunzira awo. Ngati wina watiuza kuti watopa ndi moyo, tisamudzudzule ndipo tisamusiye yekha. Tikhale naye mpaka thandizo litapezeka.

Mliri wina udzabwera, kaya m'masiku athu kaya m'masiku a ana athu, monga momwe chimfine cha mu 1918 chinabwerera m'masiku a azigogo athu. Ukadzafika, foni idzakhalanso njira yathu yofikira kumudzi, ndipo tidzaithokoza. Koma malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake tiyenera kupangana tsopano, m'mabanja ndi m'magulu athu, pakuti madzi akafika m'khosi sipakhala nthawi yokambirana. Tikupempha oyang'anira magulu onse a pa WhatsApp a m'dera lathu kuti nkhani ya kalengezedwe ka maliro aiike patsogolo pa msonkhano wawo wotsatira. Ndipo aliyense wa ife, sabata ino, asankhe munthu mmodzi amene wakhala chete kwa nthawi yaitali, amuimbire kuti amve mawu ake, ndipo ngati n'kotheka akamuone kunyumba.